Supageti wakuda ndi usipa wa ku Senga Bay



Ndikufuna ndikambeko za ndiwo, nkhani imene ambiri amaiona ngati ya amayi kukhitchini basi. Ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima tili ndi chizolowezi chimene chimandidandaulitsa. Kukabwera mlendo wolemekezeka timakwera kabaza kukagula nkhuku yachizungu kapena soseji kuboma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay, pomwe nsomba zongovuula kumene zili pathandala kuseri kwa nyumba. Usipa timautenga ngati ndiwo ya tsiku limene m'thumba mwauma. Ine ndikufuna ndiuikire kumbuyo usipawu, ndipo mboni yanga ndikaitenga kutali, kudziko la Italy.

Kumeneko, makamaka mumzinda wa Venice ndi pachilumba cha Sicily, kuli chakudya chimene munthu wachilendo akachiona amayamba wabwerera m'mbuyo. Ndi supageti wakuda bii, ngati wagwera m'makala. Kudaku kumachokera ku tinyama tiwiri ta m'nyanja yamchere. Kena Angerezi amakatchula kuti squid, ndipo anzathu a ku Mozambique amati lula. Msuweni wake ku Italy amamutchula kuti seppia. Tinyamati tilibe mamba kapena minga, thupi lake ndi lofewa, ndipo kumutu kuli miyendo khumi, isanu ndi itatu yaifupi ndi iwiri yaitali. M'mimba mwake muli kathumba ka madzi akuda ngati inki. Mdani akayandikira, kanyamako kamalavula inkiyo, madzi n'kuda, iko n'kuthawa. Chimene chimadetsa inkiyo ndi melanin, yemweyu amene amapangitsa khungu lathu kukhala lakuda. Kalekale anthu ankalembera ndi kujambulira zithunzi inki yomweyi.

M'nyanja yathu tinyama timeneti mulibe, ndipo simungakhale, chifukwa mtundu wawo wonse sukhala m'madzi opanda mchere. Amene akufuna squid ayenera kupita ku Nacala kapena ku Beira, apo ayi akagule wouma ndi ayezi m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe pamtengo woboola m'thumba. Nanga ine wa ku Salima ndinakumana naye bwanji supageti wakudayu?

Mchimwene wanga wamng'ono amaphika m'lesitilanti ina ku Cape Town. Atabwera kudzadya Khirisimasi chaka chathachi, m'chikwama mwake munali timapaketi ta inki imeneyi, kalikonse kakang'ono ngati ka shuga wa m'mahotela. Anati akufuna amayi alaweko chakudya chimene iye amaphikira azungu usiku ulionse, chimene mbale imodzi mtengo wake umaposa ndalama ya ndiwo zapakhomo za masiku angapo.

"Achemwali, inki ndabwera nayo, koma nsomba mundipezere ndinu," anatero.

M'mamawa ndinatsikira kudoko pamene asodzi a chilimira amakocheza atachezera usiku wonse ndi nyali. Ndinagula kabeseni ka usipa wauwisi wonyezimira, ndi kampango mmodzi wonenepa kwa msodzi wa mbedza. Ana anabweretsa nkhanu zingapo zimene anatola m'miyala.

Kaphikidwe kake ndinakaonetsetsa ndipo sikovuta. Mutu wa kampango, minga yake ndi nkhanu zija tinaziwiritsa pambaula ndi anyezi kwa theka la ola, n'kusefa msuzi. M'chiwaya anathiramo mafuta, n'kukazinga adyo wodula bwino pamoto wochepa kuti asapserere. Anatapa usipa wodzadza dzanja, n'kuuchotsa mitu, n'kuuponya m'mafutamo, akuutakasa mpaka unasungunuka osaonekanso. Kenaka anathira tomato atatu, tsabola wa kambuzi mmodzi, zipande ziwiri za msuzi uja, ndipo pomaliza timapaketi tiwiri ta inki. Chiwaya chonse chinada nthawi yomweyo. Minofu ya kampango, yodula ngati mabokosi a machesi, inalowa kumapeto kwa mphindi zisanu zokha kuti isaphwanyike. Supageti wa paketi ya magalamu 500 anamuwiritsa m'madzi amchere, n'kumuphula asanafewetsetse, kuti akamalizikire kupsa mumsuzi wakudawo. Anasakaniza, n'kufinyira ndimu pamwamba.

Amayi atayang'ana m'mbale anagwira pakamwa.

"Mwanawe, ku Joniko anakuphunzitsa kuphika makala? Ine zimenezi ayi."

"Amayi," ndinatero ine, "nanga nkhungu zija malemu abambo ankabwera nazo pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, n'kutsikira nazo pa Chipoka, zinali zoyera? Si inu munkazikazinga ndi tomato ife n'kumanyambita zala?"

Anaseka, n'kusamba m'manja. Foloko anaikana. Anadya ndi manja, milomo yonse bii, ndipo atamaliza anati, "Koma kampango ameneyu ndi wabwino." Za inki sananenepo kanthu.

Kwa owerenga a kumtunda, nkhungu ndi tizilombo touluka timene timatuluka m'nyanja tambirimbiri, n'kumaoneka patali ngati utsi wa moto wolusa. Tikafika kumtunda amayi amatikola ndi malichero onyowa, n'kutiumba timitanda takuda timene amatiumitsa kuti tikhale ndiwo. David Livingstone atayenda panyanja yathuyi mu 1861 anapatsidwa mtanda wotere, ndipo m'buku lake anafanizira kukoma kwake ndi mazira a nsomba amene anthu olemera a ku Ulaya amadya pamaphwando. Choncho chakudya chakuda chochokera m'madzi si chachilendo kwa ife. Makolo athu anaona chakudya pamene mlendo anangoona utsi.

Ndi mmenenso zinalili ku Italy. Supageti wakuda sanayambire m'mahotela. Ndi chakudya cha m'makomo mwa asodzi, anthu amene sankafuna kutaya kalikonse kamene nyanja yawapatsa, ngakhale kathumba ka inki kamene wina akanakaponyera amphaka. Ku Sicily komweko kuli chakudya china chotchuka, cha pasta wosakaniza ndi tinsomba totchedwa sardine, timene tinali ndiwo ya anthu wamba. Mchimwene wanga anandiuzanso kuti kukhitchini kumene amagwira ntchito sikusowa timabotolo ta tinsomba tothira mchere totchedwa anchovy, timene amatisungunula m'mafuta poyamba kuphika msuzi, monga momwe anachitira ndi usipa uja. Akuti tikatha, bwana wa kukhitchini amakalipa ngati kwatha magetsi. Kukula kwake ndi maonekedwe ake, akuti, n'chimodzimodzi usipa wathu.

Patapita masiku atatu tinaphikanso, koma inki inali itatha. Zina zonse tinachita monga poyamba. Supageti anatuluka wofiirira ngati msuzi wa masiku onse, koma kukoma kunali pafupifupi komwe kuja. Inki ija inangobweretsa mtundu, kamchere pang'ono ndi kafungo ka nyanja yamchere. Chimene chinapangitsa ana kukanganirana chiwaya chinali mutu wa kampango ndi usipa wosungunuka uja, zinthu zimene tinazipeza poyenda pansi mphindi khumi kuchokera pakhomo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene mchimwene wanga anabwera nako ndi diso loona usipa ngati chinthu chamtengo wapatali, loposa timapaketi tija.

Apa ndi pamene nkhani ya m'mbale ikukumana ndi nkhani ya m'nyanja. Chinthu chimene anthu amachipeputsa sachisamala. Pitani padoko lililonse nyengo ya mvula muone. Usipa ukagwidwa wambiri dzuwa n'kusowa, umaolera pathandala, wina n'kugulitsidwa motchipa kuti ukhale chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Ena amauyanika pamchenga penipeni, ndiye wogula ku Lilongwe akaluma mchenga amanena kuti usipa ndi ndiwo yauve. Mitu ndi minga ya nsomba zikuluzikulu m'malo ambiri ogona alendo zimathera kudzala, pomwe ndi mmene muli msuzi weniweni. Komanso usipa timadya wathunthu ndi minga yomwe, ndipo azaumoyo amatiuza kuti m'mingamo muli calcium wolimbitsa mafupa a ana. Mwana wodya usipa wapeza zimene wodya soseji sanazipeze.

Tisaiwale zimene zinachitikira chambo. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbuka chambo chili ndiwo wamba m'makomo a m'mbali mwa nyanja. Lero mwana wobadwira ku Senga Bay akhoza kufika sitandade 8 chambo chachikulu akungochionera m'manja mwa ogulitsa pamsewu. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa: makoka a maso ang'onoang'ono, kukokolola kasawala asanakule, kupha nsomba nthawi yoswana, ndi maneti a udzudzu amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo koma anathera m'madzi. Boma limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane, koma usiku amene amamvera ndi ochepa. Lero usipa ndi umene ukugwidwa kwambiri m'nyanja yathu, ndipo ndi umene wagwira mabanja ambiri. Tikamausefa ndi neti ya udzudzu udakali bonya, tidzalira nawo maliro omwe tikulira ndi chambo.

Chosangalatsa n'chakuti chitsanzo chabwino chili m'boma lathu lomwe lino. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Pakatsegulidwa, asodzi amachokera m'maboma akutali kudzapha utaka wonenepa umene kwawo sakuupezanso. Anthu a kwa Makanjira sanadikire mlangizi wochokera kunja kuti awauze kuti nsomba ndi chuma. Anailemekeza okha, ndipo mpaka lero ikuwadyetsa.

Sindikunena kuti tisiye nsima. Kwathu nsima ya usipa wofutsa wotendera ndi nsinjiro, kapena mpunga wa ku Lifuwu ndi utaka wowamba, sizidzachoka pamphasa. Koma supageti analowa kale m'magolosale a m'midzi, ndipo ana athu amamukonda. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti timamuphika mpaka asanduke phala, n'kuthirapo soya kapena soseji, ngati kuti chakudya chochokera kunja chimafunanso ndiwo yochokera kufakitale. Eni ake chakudyachi amachidya ndi tinsomba ta m'nyanja yawo. Ife tikulekeranji kuchidya ndi ta m'nyanja yathu?

Amayi ndi abambo amene mukufuna kuyesa, inki musaifunefune. Ngati muli kutali ndi nyanja ndipo usipa wauwisi simungaupeze, tengani wouma wodzadza dzanja, muuchotse mitu, muutsuke m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, muukazinge pang'ono popanda mafuta, kenaka muusinje mumtondo. Ufa umenewo muuthire m'mafuta pamodzi ndi adyo ndi anyezi musanaike tomato. Mlamba kapena bombe akhoza kulowa m'malo mwa kampango. Supageti mumuphule akadali kolimba pang'ono pakati, ndipo musataye madzi onse amene mwamuwiritsira, chifukwa kapu imodzi ya madziwo ndi imene imagwirizanitsa msuzi kuti umatirire. Mchere muthire pomaliza mutalawa, popeza usipa wouma umabwera ndi wakewake.

Kwa eni malo ogona alendo kuno ku Senga Bay, pempho langa ndi lakuti usipa ndi utaka zilembedwe papepala la zakudya zanu mopanda manyazi. Mlendo wochokera ku Ulaya nsomba za m'nyanja yamchere anazisiya kwawo, ndipo kuno wabwera kudzalawa za m'nyanja ya Malawi. Mukamagula usipa woyanikidwa pathandala laukhondo pamtengo wabwino, amayi oyanika nsomba adzaona phindu la kuusamala, ndipo msodzi adzaona kuti usipa wokhwima ukumupatsa ndalama zambiri kuposa bonya. Kwa makomiti a m'madoko ndi mafumu athu, maneti a udzudzu abwerere kuchipinda. Akapitiriza kukhala m'madzi, adzukulu athu adzafunika kutumiziridwa usipa m'timapaketi kuchokera kunja, monga momwe inki ija inatipezera ife.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima