Amene Anazula Zitsa Kuti Ndeke Itere

Kodi mukamva ndeke ikulira kumwamba mumacita ciani? Ana a masiku ano amathamangira pabwalo ndi kuikweza manja. Ine pamene ndinali mwana ndinali kuthawira pansi pa nkhokwe.

Ndinabadwira ku Feira, pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Ukaima pa doko uona Zumbo wa ku Mozambique kutsidya kwa Luangwa, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Pa 6 March 1978 ndinali mu Giredi 3. Tsiku limenelo asilikali a Rhodesia anabwera ndi ndeke ndi mahelikopita kudzaphulitsa msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja, kumtunda kwa Zambezi. Anafa omenyera ufulu pamodzi ndi asilikali a Zambia, ndipo mabanja ambiri anathawa m'midzi yao. Ife amai anatigoneka m'thengo. Kucokera pamenepo ndinali kudana ndi ndeke ndi mtima wanga wonse.

Tsono panali cinthu cina cimene cinali kundicititsa manyazi. Amalume anga anagwira nchito zaka zambiri pa bwalo la ndeke lakale la Lusaka, ku Longacres, limene linali bwalo lalikulu la mzinda kufikira pamene bwalo latsopano linatsegulidwa mu 1967. Pa bwalo lakalelo panali kalabu ya anthu okonda kuulutsa tindeke tating'ono. M'masiku a atsamunda ambiri a iwo anali azungu, alimi ndi anchito a boma, amene anali kuphunzitsana kuuluka pa Ciwelu ndi pa Sondo. Anzanga ku sukulu akandifunsa, ndinali kunama kuti amalume ndi oyendetsa ndeke. Zoona zake n'zakuti iwo anali kuchecha udzu, kufotsera maenje, kutsuka tindeke ndi kutikankhira m'shedi dzuwa likalowa.

Atapuma pa nchito ndi kubwerera kumudzi, tsiku lina ndinawafunsa mwamwano kuti, "Amalume, zaka zonsezo, simunaulukeko ngakhale kamodzi?" Iwo anaseka cabe nati, "Mwanawe, kuuluka n'kosabvuta. Cobvuta ndi kutera. Munthu ali kumwambayo moyo wake uli m'manja mwa amene anazula citsa pansi."

Mau amenewa ndinawamvetsa nditakula, pamene ndinawerenga mbiri ya mabwalo oyamba a ndeke m'dziko lathu. Mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, boma la Britain linafuna njira ya mumlengalenga yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town. Ndeke za nthawi imeneyo sizinali kupita patali osatera, motero panafunika mabwalo ambiri m'njira. Kwathu kuno anasankha malo monga Abercorn, amene lero ndi Mbala, Ndola, Broken Hill, amene lero ndi Kabwe, ndi Livingstone. Kunalibe mathirakitala. Anthu akuda mazana-mazana anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa, anazula zitsa, anagumula zulu zazitali kuposa munthu ndi makasu, natuta dothi m'madengu kwa miyezi ingapo. Akacedwa kubwererako, ciswe cinali kumanganso ndipo udzu unali kumeranso.

Pa 4 February 1920 amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku England pa ndeke yochedwa Silver Queen. Inaonongeka m'njira asanafike kuno, ndipo anatenga ina, Silver Queen II. Iyi ndiyo inatera pa mabwalo athu, kuphatikizapo Abercorn ndi Livingstone, koma nayonso inagwa ponyamuka ku Bulawayo. Anafika ku Cape Town pa 20 March 1920 pa ndeke yacitatu, ndipo Mfumu ya ku England inawapatsa ulemu wa Sir. Maina ao ali m'mabuku. Nanga a anthu aja anagumula zulu? Palibe mwana wa sukulu amene angachule ngakhale limodzi. Koma pakadatsala citsa cimodzi cabe pa Abercorn, ulendo ukadathera pomwepo.

Mabwalo otere, osalazidwa ndi manja, ndi amene pambuyo pake anathandiza makalabu a ouluka, onyamula makalata ndi madokotala. Mu 1965 Dr James Lawless anayambitsa Zambia Flying Doctor Service ku Ndola, kuti dokotala afike kwa odwala okhala kutali ndi zipatala. Inu a kuno mudziwa kuti kucokera ku Boma la Luangwa kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300. Mudziwanso anthu amene anagwidwa ndi ngwena kapena kupwetekedwa ndi mvuu, nanyamulidwa mothamanga kupita ku cipatala ca Katondwe. Kwa munthu wotaya magazi, kapena mai amene pakati pabvuta, ola limodzi ndi lalikulu. Apa ndinazindikira kuti ndinali kudana ndi citsulo copanda mlandu. Cimene cinatigoneka m'thengo mu 1978 ndi mtima wa anthu amene anatuma ndekezo.

Tsopano ndifunse inu. M'gulu lanu la acinyamata, ndi angati amene afuna kukhala wapampando kapena kutsogolera kwaya pa tsiku la cikondwerero? Manja onse ali m'mwamba. Nanga ndi angati amene amabwera pa Ciwelu kudzasesa chalichi, kuchecha njira ya ku kiliniki, kapena kutungira madzi nkhalamba imene ilibe mdzukulu? Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Kumbukirani Yohane Mbatizi, amene nchito yake yonse inali yokonzera njira Wina, ndipo sanadandaule pamene anthu anamusiya ndi kutsata Yesu. Mukakumana sabata ino, werengani pamodzi Yesaya 40, ndipo mufunsane kuti pa mudzi panu citsa cofunika kuzula ndi citi.

Amalume anamwalira osakwerako ndeke. Cimene cimandiwawa n'cakuti sindinawapepese cifukwa ca bodza lija ndinali kunena ku sukulu. Ngati kholo lanu ndi mlonda, wosesa kapena msodzi, musacite monga ndinacitira ine. Anzanu akakufunsani, chulani nchito yake mosabisa, ndipo mukafika kunyumba mumuthokoze akali moyo.

Ambuye akudalitseni nonse.