Laputopu pa mchenga wa ku Malindi

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi n’kukhotera kumanzere, msewu wa ku Malindi ndi Makanjira umakuyendetsani pakati pa nyanja ndi mapiri a Namizimu. Tinadutsa mmenemo mu Novembala, anthu asanu a dipatimenti ya zaumoyo ya mpingo wathu, kukayeza anthu BP ndi kufunsa mabanja za likodzo, nthenda yomwe ana amaitengera m’madzi osambamo. Ambiri kumeneko ndi Ayao achisilamu. Pa nkhani ya nkhumba tinamvana msanga, koma amayi amene anatilandira anadabwa titabweza kampango n’kupempha chambo.

Ine ndinali mlembi. Ndinanyamula laputopu yopyapyala, yonyezimira, imene ndinaigula ku Limbe chifukwa cha kukongola basi. Tsiku lachitatu, cha m’ma 2 koloko, inazima yokha pansi pa mtengo wa mango, mayina a anthu amene tinawayeza ali momwemo. Ena mwa iwo BP yawo inali yokwera moti tinalonjeza kuwalembera makalata a kuchipatala.

Mnyamata wokonza makompyuta pa boma ataitsegula, anandionetsa mchenga mu fani, dzimbiri polowera chaja, ndi nyerere zakufa. “Achimwene, iyi ndi ya mu ofesi,” anatero.

Malaputopu ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito kutentha kusanapyole madigiri 35, pamene kunyanja m’miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapyola pamenepo. Batire ndi limene limayamba kufooka, mwinanso kutupa. Mvula ikayamba, chinyontho chimalowa mkati n’kumadya tizitsulo mwakachetechete.

Imene ndili nayo tsopano ndi ThinkPad yakaunjika, yakuda, yosasangalatsa m’maso. Ndinaisankha chifukwa ili ndi SSD, yomwe ilibe kanthu kozungulira mkati, choncho mabampu a pa kabaza saivulaza ngati hadi disiki yakale. Chivundikiro cha pansi chimatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo batire lake limapezeka. Sikirini yake si yonyezimira, mumatha kuwerenga muli panja. Ndinakana kugula ndisanaiyatse ola lathunthu pa shopu pomwepo, dzanja lili pamene pamatulukira mpweya.

Timalemba m’mawa ndi madzulo, masana imapuma pamthunzi. Sindiiika pa mphasa kapena pa matiresi, koma pa thabwa lokhala pa njerwa ziwiri. Usiku imagona m’chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m’mabokosi a nsapato. Lachisanu dzuwa lisanalowe ndimakopera zonse pa fulashi, ndipo siyatsidwanso mpaka Sabata litatha.

Mayina aja anapulumuka chifukwa Adikonesi amene tinali nawo ankalembanso m’kope la sukulu, ine ndikuwaseka. Makalata tinakapereka patatha masiku anayi, pa njinga yobwereka.