Matayala Anayi, Muyeso Umodzi

Ine ndine makaniko, ndipo ntchito ya manja anga ndiyo kukonza galimoto zokoka ndi magudumu onse anayi, monga Land Cruiser ndi Hilux, zimene m'nyengo ya dzinja, pamene misewu yochokera pa Mitundu kulowera ku Dzalanyama, ngakhalenso ija yopatuka pa Nathenje kunka kumidzi, yadzala matope, ndizo zifikitsa feteleza kwa mlimi ndi wodwala kuchipatala. Chimene chindiwawa mumtima n'chakuti zambiri mwa galimoto zimenezi siziphedwa ndi msewu ayi, koma ndi matayala osalingana amene eni ake azivalika.

Abwera bambo wolemekezeka, wagula matayala awiri ogwirapo kale ntchito, nati, "Amisiri, tayala ndi tayala, bola lisunge mpweya." Ine ndiyankha, "Pepani bambo, khalani pansi ndikuuzeni." Pakuti dalaivala akakankha kandodo kochititsa kuti magudumu onse akoke, bokosi logawa mphamvu limanga shafuti yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zizungulire pa liwiro limodzi, monga ng'ombe ziwiri pa goli la ngolo, ndipo ngati ina ili yamsinkhu, inzake yaifupi, ina ikoka, ina ikwakwazidwa, kufikira goli litathyoka.

Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala sanama. Tayala la 265/70R16 likazungulira kamodzi liyenda pafupifupi mamita 2.44, pamene la 245/70R16 liyenda mamita 2.35, ndiye kuti pa kilomita imodzi loyambalo lizungulira ka 410, linzakelo ka 425. Kusiyana kumeneku kuyenera kutulukira penapake. M'matope tayala literereka pang'ono, mkangano nuthera pomwepo. Koma galimoto ikakwera pa phula la M1 pa Nathenje magudumu onse akali kukoka, tayala ligwira nthaka zolimba, ndipo mphamvu yonse ibwerera m'zitsulo. Chiwongolero chiuma, kandodo kaja kakana kutuluka, ndipo ngakhale kubwerera m'mbuyo pang'ono kukamasula, bala latsala m'kati. Ndikatsegula bokosilo, oyilo atuluka wakuda, wonunkha kupsa, ndipo ndikampaka pachala tizidutswa ta chitsulo tinyezimira padzuwa: amenewo ndiwo mano a magiya amene anali kudyana.

Chifukwa chake sindikhulupirira maso okha. Ndiyamba ndapopa matayala mpweya woyenera, pakuti tayala lofewa lifupika. Kenaka nditenga chingwe, ndizungulitsa pakati pa mapazi a lililonse, ndi kuika chizindikiro. Ngakhale matayala a nambala imodzi asiyana, lina likakhala latsopano, lina lotha mapazi, kapena akachokera kwa opanga osiyana. La sipeya nalonso ndiliyesa, popeza ndilo liiwalika kufikira tsiku la tsoka.

Alipo anyamata ena okhumba matayala akuluakulu kuti mimba ya galimoto isakhule pansi m'mikwasa, ndipo kunena zoona galimoto ikwezekadi. Koma walira mvula walira matope. Gudumu likakula, injini ivutika kulitembenuza, kalachi ipsa msanga pa chikweza galimoto itasenza fodya, mabuleki afooka, ndipo wotchi ya liwiro ionetsa zochepa pamene munthu akuthamanga koposa. Wofuna kukulitsa akulitse onse anayi pamodzi, ndi pang'ono pokha.

Wina adzafunsa kuti, nanga mathirakitala amene tiwaona m'minda ya ku Bunda bwanji ali ndi magudumu aang'ono kutsogolo, aakulu kumbuyo, koma onse nakoka? Yankho lake n'lakuti amene anawapanga anawerengera kusiyanako m'magiya, kotero kuti akutsogolo atsogola pang'ono pokha. Ndipo munthu akasintha kukula kwa mbali imodzi yokha, waononga chiwerengero chonsecho.

Ndidziwa kuti ndalama ivuta, ndipo sindinyoza munthu wogula tayala limodzi chifukwa cha kuperewera kwa m'thumba. Pempho langa kwa inu eni galimoto ndi ili: musanalipire, bwerani tiyese, pakuti safunsa anadya phula, ndipo ngati simungathe kupeza anayi olingana chaka chino, aikeni olingana awiriawiri, akutsogolo paokha, akumbuyo paokha, muyende mokoka ndi magudumu awiri pouma, ndi kusunga kukoka ndi onse anayi kufikira pamene matope akukakamizani.