Chess ya K1,800 inanidetsa manja

Mukaniona ku ma show nili na kamera pakhosi, mungaganize kuti nimadziwa kusiyanitsa cinthu ca zoona na gong'a. Pa nsapato, inde. Pa mitengo, awe. Lekani nikuuzeni mmene n'nagwera.

Amdala anga ananiphunzitsa chess ku Matero pa katoni yojambulidwa na makala, ma pawn anali tuzitsekero twa mabotolo. Munali mu 2009, caka cimene Amon Simutowe anapatsidwa dzina la grandmaster, ndipo mwezi wonse pa nyumba panalibe nkhani ina. Ndiye atapuma pa nchito caka catha, n'nati lekani niwagulireko yeniyeni. Pa intaneti n'napeza munthu wina analemba kuti "Staunton 1849, ebony weniweni". K1,800. N'natumiza ndalama osafunsa kanthu.

Staunton ndiwo maonekedwe aja mumaona pa mpikisano uliwonse wa chess. Anayamba kugulitsidwa ku London mu 1849 ndi kampani ya Jaques, dzina anatenga kwa Howard Staunton, katswiri wa nthawi imeneyo. Zoyera ankasema ku mtengo wa boxwood, zakuda ku ebony. Masiku ano zambiri zokopera maonekedwe akalewo zimasemedwa ku Amritsar, ku India, ndipo kukopera pakokha si mlandu, zina n'zabwino kwambiri. Nkhani ili pa mtengo. Ebony ni wodula, motero ambiri amatenga boxwood n'kuudaya kuti ude. Wogulitsa wacilungamo amalemba poyera kuti "ebonised", mtengo wa katundu nawo n'kutsika. Wanga uja mawu amenewo sanawalembe.

October atafika, dzuwa lija mulidziwa. Tili pakati pa game pa khonde, n'naona zala za amdala zada bii. Patapita sabata ziwiri king anang'ambika kucokera pansi mpaka m'ciuno. Manyazi amene n'namva, kaya.

N'natenga king uja kupita naye ku Kabwata Cultural Village, kwa mkulu wina wosema. Anamatula kansalu ka pansi, anakanda na kampeni, mkati munali mbuu. "Mwana wanga, iyi ni polishi ya nsapato," anatero akuseka. Ngakhale boxwood sunali. Za kung'ambika anati mtengo anausema usanaume bwino. Mkati mwa chess yotere amaikamo citsulo kuti izilemera. Kukauma kunja mtengo umafota, citsulo sicifota, ndiye cinacake ciyenera kugonja. Kenako anaponya kacidutswa ka ebony m'kapu ya madzi, kanamira. Kanga kanayandama monga cikoko ca nshawa.

Manje ngati mufuna kugula, musanyengeke na kulemera, cifukwa citsulo cimanama. Pemphani kuona pansi pa kansalu. Pukutani na kansanza konyowa muone ngati kada. Ndipo muyang'anitsitse kavalo. Zina zonse zimazungulitsidwa pa makina, koma mutu wa kavalo umasemedwa na manja, ndiye pamene waulesi amagwidwira. Anga anayi aja, mmodzi anali ngati galu wodwala.

Wina akakuuzani kuti ni rosewood pa mtengo wa bwanamkubwa wacifundo, dabwani. Kuyambira 2017 malonda a rosewood kudutsa malire ali pansi pa malamulo a CITES, ndipo mukula wathu uja unalowamo mu 2019. Ine n'kanadziwa, n'kanangopempha mkulu uja anisemere ya mukwa, mtundu wake wofiirira osapaka kanthu.

Wogulitsa foni anazima kalekale. N'nauza amdala kuti nizagula ina nikalandira. Anakana. King anamumata na glue, n'kumukulunga ulusi wakuda m'ciuno, akuti manje wavala lamba. Sondo yatha ananidya katatu motsatizana, zala zonse zili bii, akungoti, "Iwe, leka kuyang'ana mtengo, ni move yako."