Mmisiri wa penti amaonekera m'munsi mwa khoma

Masiku ano aliyense amene wagula bulashi pa msika wa Katuli akudzitcha wopenta. Amatchula mtengo wotsika, amathira madzi m'ndowa ya malita 20 mpaka penti kusanduka ngati phala la mwana, ndipo mvula ya Disembala ikangomenya khoma, zonse zimatsikira pansi. Kenako mwini nyumba amabwera kwa ine kuti ndikonze pa mtengo womwewo. Ndimakana.

Za kupala khoma ndi kudikira kuti pulasitala aume sindinena, aliyense akudziwa. Mtundu wa khoma lonse nawonso suvuta, ambiri amathera pa kirimu kapena woyera. Nkhani ili pa mitundu ya m'mbali: ya mafelemu, ya zipilala za pakhonde, ya thabwa la m'mphepete mwa denga, makamaka ya mzere wa m'munsi mwa khoma.

Ine ndimayambira m'munsimo. Nyumba zambiri kuno zilibe magatala, ndiye madzi a pamalata amagwa pansi n'kuwazira matope kukhoma mpaka kufika m'mawondo. Onjezani mbuzi zodzikhula ndi ana otsamira. Mzere umenewu umafuna penti wa oilo, wofiirira moderapo kapena wakuda, ndipo ukwere masentimita 60. Buluu wowala pamenepo ndi kutaya ndalama.

Anandiphunzitsa ndi amalume anga, amene anapenta nyumba za m'maesiteti a fodya ku Namwera. Munthu akawafunsa mtundu, iwo sankayankha msanga. Ankatapa dothi la pabwalo pomwepo, kulinyowetsa, n'kulipaka pa kathabwa kamene anayesapo mitundu ingapo. Pamene dothi silikuonekera kwambiri, mtundu ndi womwewo. Ankati amayi ozira nyumba ndi dothi lakuda m'munsi anazidziwa izi penti asanafike m'masitolo. Ine sanandipatse bulashi ya mzere mpaka nditatopa ndi kutsuka mabulashi m'parafini. Tepi sankaifuna n'komwe. Ankamanga chingwe chopaka makala, kuchikoka n'kuchisiya kuti chimenye khoma, basi dzanja lizitsata. Likanjenjemera ankangoti, "Mphwanga, wadya?" n'kukulanda bulashi anthu akuona.

Amene amandivutitsa ndi anyamata athu a ku Joni. Amatumiza pa WhatsApp chithunzi cha nyumba ya ku Johannesburg, yotuwa ndi mizere yakuda, pamene malata anagula kale obiriwira. Denga simungalisinthe, choncho thabwa la m'mphepete ndi mafelemu zizimvera denga, osati foni. Ndalamanso amatumiza za mitundu iwiri koma amafuna isanu, ndipo mayi a kunyumba ndi amene amatsala pakati.

Palinso zimene chithunzi sichinena. Kuno ku Mangochi chikasu chowala anthu amachiwerenga kuti UDF, buluu amati DPP. Mukapaka zipilala zofiira kwambiri, odutsa adzagogoda kufuna mayunitsi a Airtel, ndipo chofiiracho ndi chimene chimayamba kusuluka ndi dzuwa la Okutobala. Wobiriwira ambiri amaukonda chifukwa cha mzikiti, ndipo pa zitseko umakhala bwino ndithu.

Mitundu itatu yakwana: wa khoma, wa m'munsi, ndi umodzi wa mafelemu ndi zitseko. Penti mukagule nokha, bwana, ndidzatsegula chitini inu mukuona.