Galasi Litangoti Bii

M'mawa wina mu Okutobala, fumbi litakuta Embangweni, ndinayatsa kompyuta imene mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Joni. Kanyali kanayaka, chokupizira mphepo chinazungulira, koma galasi linangoti bii! Mtima unandigunda, pakuti m'menemo munali mbiri ya Angoni a kwa M'mbelwa imene ndinatola kwa nkhalamba za ku Edingeni, ndipo zambiri mwa izo zinagona kale.

Ndinalimbitsa chingwe cholumikiza galasi ku bokosi, ndinazimitsa n'kuyatsanso, koma osaphula kanthu. Poti safunsa anadya phula, ndinakwera nayo galimoto kupita ku Mzimba Boma, kwa mtsikana wina wokonza makina amene ndinamuphunzitsa mu Sitandade 8.

"Aphunzitsi, mwakumva kulira uku?" anandifunsa, bokosilo likulira mobwerezabwereza. "Ikudandaula RAM. Zolemba zanu zimakhala pa hadidisiki, musade nkhawa."

Iye anazula pulagi, natsegula bokosi, natulutsa kathabwa kobiriwira, napukuta timano take tagolide ndi labala wofufutira pensulo. Atakabwezera m'malo mwake, galasi linawala ngwee, mayina a makolo n'kuonekanso. Fumbi chabe ndilo linatseka njira ya magetsi.

Pobwerera ndinakumbukira kuti mtsikanayu ankangokhala duu m'kalasi, ine n'kumamuyesa mbuli. Kompyuta ndinaiyendera ulendo wonsewu kuti ndidziwe chimene chinaitseka maso, koma mwana uja sindinamufunseko ngakhale tsiku limodzi chimene chinkamutseka pakamwa. Manyazi anandigwira mpaka kukafika kunyumba.