KASETI YA ATATE NDI MKANGANO WA ALAMU AWIRI

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kwathu, m'boma la Katete, kukathandiza amai kufolera nyumba mvula isanayambe. Potulutsa katundu tinapeza sutukesi yacitsulo ya malemu atate, imene sinatsegulidwe cimwalirire eni ace. M'katimo munali makalata akale, laisensi yao yoyendetsera galimoto, ndiponso kaseti imodzi yocita nkhungu. Pa kasetipo panalembedwa mau akuti Graceland, ndi dzina la woimba wa ku America, Paul Simon. Amai ataiona anaseka nati, "Iyi ndiyo inali kukanganitsa atate ako ndi amalume ako caka ndi caka."

Mkangano umenewo ndiukumbukira bwino, pakuti ndinakula ndikuumva. Koma kuti awerengi athu aumvetse, ndiyenera kuyamba ndafotokoza za mwini nyimboyo.

Paul Simon anabadwa m'caka ca 1941 ndipo anakulira mu mzinda wa New York. Anachuka poyamba poimba ndi mnzace wa pa ubwana, Art Garfunkel, koma awiriwa analekana mu 1970. Simon anapitiriza kupeka ndi kuimba yekha, ndipo kwa zaka zingapo zinthu zinali kumuyendera. Tsono mu 1983 anatulutsa cimbale cochedwa Hearts and Bones cimene anthu sanacigule kwenikweni, ndipo posacedwa ukwati wace unatha. Ambiri anaganiza kuti nthawi ya munthuyu yapita.

M'masiku obvutawo mnzace wina anambwereka kaseti ya nyimbo za m'makomboni a anthu akuda a ku South Africa. Nyimbozo zinamgwira mtima kotero kuti mu Febuluwale 1985 anakwera ndege kupita ku Johannesburg, kumene anakhala pafupi-fupi masabata awiri akujambula nyimbo pamodzi ndi oimba a kumeneko. Cimbale ca Graceland cinatuluka mu Ogasiti 1986. Cinagulidwa m'mamiliyoni oposa khumi pa dziko lonse, ndipo mu 1987 cinalandira mphoto ya Grammy monga cimbale copambana ca caka. Munthu amene anali kuoneka ngati watha anabwereranso pamwamba.

Bvuto linali lakuti mu 1980 bungwe la United Nations linapempha oimba ndi a masewero a maiko onse kuti anyanyale South Africa, pofuna kufinya boma la tsankho. Simon anakanapo kukaimba pa malo a cisangalalo a Sun City, kumene oimba ena anali kulandira ndalama zambiri. Iye anati kujambula nyimbo ndi anthu akuda ndi nkhani ina. Woimba mnzace, Harry Belafonte, anamlangiza kuti ayambe wakambirana ndi cipani ca ANC, koma iye anapita osatero. Apa ndi pamene panagona mkangano wa m'nyumba mwathu.

Atate anali woyendetsa malole pakati pa Lusaka ndi Harare, kudzera pa Chirundu. Mu Febuluwale 1987 anapezeka ku Harare pamene Simon anaimba pa bwalo la Rufaro, pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, amene onse awiri anali atakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lao cifukwa ca tsankho. Nkhani ya tsiku limenelo atate anaisimba mpaka imfa yao. Anali kunena kuti akuda ndi azungu anabvinira pamodzi padzuwa, ndi kuti pomaliza oimba onse anaimirira naimba Nkosi Sikelel' iAfrika. Atate atamva maimbidwe ace, amene ali omwewo a nyimbo ya fuko lathu, anabvula cipewa naima ciriri ngati mwana wa sukulu. Kasetiyo anaigula pa ulendo womwewo.

Maganizo a atate anali osabvuta. "Alamu," anali kutero, "mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anyamata aja anali kuimba m'makomboni, dziko osawadziwa. Mzungu uyu anawatengera ku London ndi ku New York, nawalipira ndalama zimene kwao sakanaziona. Makeba ndi Masekela anamva zowawa kuposa inu ndi ine, koma anaima naye pamodzi. Nanga ife ndife yani kuti timkane?"

Amalume, mlongo wao wa amai, sanali kumva zimenezo. Iwo anali kalaliki ku Lusaka m'zaka zimenezo, ndipo nyumba yoyandikana nayo munali kukhala banja la othawa kwao la ku South Africa. Likulu la ANC linali mu Lusaka momwemo. Pa 19 Meyi 1986 asilikali a boma la tsankho anaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana tsiku limodzi, ndipo ndege zao zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka. Amalume anali kunena kuti kwa masiku ambiri ana a anansi aowo anali kugona atabvala nsapato. Patangopita miyezi itatu, cimbale cija cinatuluka.

"Alamu," anali kuyankha amalume, "munthu akafika pa mudzi pamene pali maliro amayamba wanena odi, nafunsa eni mbumba. Uyu analowera kuseri, natenga ng'oma, nacoka. Lamulo la kunyanyala linali cida ca anthu opanda mfuti. Ngati munthu ali yense wochuka adzisankhira yekha tsiku lolisunga ndi tsiku lolithyola, cidaco cabuntha. Ndipo mverani mau ace. Muli kuti dzina la Mandela? Muli kuti ana amene anali kuomberedwa m'misewu?"

Pa mfundo yomalizayi amalume sanali kunama. Nyimbo zambiri za m'cimbaleco zikamba za moyo wa Simon mwini, ndipo dzina lenilenilo la Graceland ndi la nyumba ya malemu Elvis Presley ku Memphis, m'dziko la America. Amai, amene aimba m'kwaya ya ku chalichi kufikira lero, anali kuinena nkhaniyi mwacidule: "Ndi mwamuna wolira ukwati wace pa ng'oma za eni. Koma alira bwino." Akatero anali kudandaula za mabatire a wailesi, amene anali kutha msanga alamu awiriwa akakumana.

Womvera wina anali agogo aamuna, amene pa unyamata wao anagwirako nchito ku migodi ya ku Joni. Iwo za Simon analibe nazo kanthu. Anali kudikira nyimbo ziwiri zokha zimene muli mau a gulu la Ladysmith Black Mambazo, lotsogozedwa ndi Joseph Shabalala. Makamaka ikafika nyimbo ya Homeless, imene ilibe gitala kapena ng'oma, agogo anali kukweza dzanja kuti onse akhale cete. Anali kunena kuti umo ndi mmene amuna Acizulu anali kuimbira m'makomponi usiku wa Ciweru, atabvala majekete ao abwino, akuponda pansi mofatsa ngati mphaka. Nyimbo ikatha, agogo anali kukhala nthawi yaitali osalankhula.

Ndi agogo omwewo amene anafunsa funso limene landikhalira m'mutu. Tsiku lina, ine ndiri mu Giredi 6, anandiuza kuti ndiwawerengere maina olembedwa m'timalembo tating'ono pa pepala la kasetiyo. Nditafika pa dzina la woimba gitala, Ray Phiri, agogo anadzidzimuka. "Phiri? Phiri wa kuti ameneyo?" Ine yankho ndinalibe. Nditakula ndinadziwa kuti Ray Phiri anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, ndi kuti bambo amene anamlera anali wocokera ku Malawi, mmodzi wa amuna ambiri amene anatsikira kumwera kukafuna nchito. Phiri anali mtsogoleri wa gulu la Stimela, ndipo gitala yace imveka m'nyimbo zochuka za cimbaleco. Kuyambira tsiku limenelo agogo anali kuicha kasetiyo "nyimbo za a Phiri".

Mkangano wa m'nyumba mwathu unali womwewo umene unali kucitika kutali. Mu Epulo 1987, pamene Simon anaimba ku Royal Albert Hall mu London, panja panaima anthu otsutsa, ndipo oimba ena a ku Britain anamlembera kalata yomdzudzula. Komanso m'caka comweco Simon anathandiza a Ladysmith Black Mambazo kujambula cimbale cao ca Shaka Zulu, cimene cinalandira mphoto ya Grammy mu 1988, ndipo gululo linayenda maiko ambiri kwa zaka makumi otsatira. Bakithi Kumalo, mnyamata wa gitala ya besi, anapitiriza kuimba ndi Simon kwa zaka zambiri. Mandela atamasulidwa mu 1990, Simon anakaimba ku South Africa mu Januwale 1992 ndi cilolezo ca ANC, ngakhale kuti magulu ena a anyamata anamtsutsabe. Ray Phiri mwini, m'zaka zace zomaliza, anadandaula poyera kuti nchito yace pa cimbaleco sinapatsidwe ulemu ndi malipiro oyenera. Mu 2012 kunatuluka kanema ya Under African Skies, mmene Simon akhala pansi ndi Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo, amene anali pakati pa omtsutsa. Akambirana mwaulemu, koma yense agwirabe mfundo yace.

Titatha kufolera nyumba, ndinapita kukaona amalume, amene tsopano ndi okalamba ndipo maso ao saona bwino. Kaseti ija inali itaonongeka, cotero ndinawaikira nyimbozo pa foni. Tinakhala pakhonde dzuwa litapendeka. Nyimbo yoyamba itayamba ndi kulira kwa kodiyoni, ndinaona phazi lao likugunda pansi. Sindinanene kanthu, koma iwo anadziwa kuti ndaona.

"Mphwanga," anatero, "phazi langa linabvomera kale-kale, ngakhale masiku amene ndinali kukangana ndi atate ako. Mutu ndiwo sunabvomere, ndipo subvomera lero. Nyimbo ikakoma sindiye kuti mlandu watha." Anakhala cete pang'ono, kenaka anati, "Koma ndikanakonda akanakhala pano kuti andiyankhe."

Pamenepo anandipempha kuti ndiwawerengere maina aja monga ndinacitira kwa agogo. Ndinachula Forere Motloheloa wa ku Lesotho, mwini kodiyoni ija, Isaac Mtshali wa ng'oma, General M.D. Shirinda ndi amai a gulu la Gaza Sisters. Kumalo, Shabalala ndi Phiri. Nditawauza kuti Phiri anamwalira mu 2017 ndipo Shabalala mu 2020, amalume anapukusa mutu nati, "Anthu onsewa, koma pacikuto dzina limodzi."

Pobwerera ku nchito ndinali kuganiza m'basi kuti kodi pa alamu awiriwa analondola ndani. Kwa zaka zambiri ndinali kumbali ya atate, mwina cifukwa cakuti nyimbozo ndimazikonda. Lero ndiona kuti yense anagwira mbali imodzi ya coonadi. Atate sanalakwe ponena kuti cimbaleci cinatsegulira oimba osauka makomo amene boma la tsankho linatseka, ndi kuti cinaonetsa dziko lonse luso la anthu amene boma lao linali kuwayesa acabe-cabe. Amalume naonso sanalakwe ponena kuti zotsatira zabwino sizifafaniza kulakwa kwa kulowa m'nyumba ya mwini popanda odi. Simon anapita ku Johannesburg moyo wace wa kuimba uli pangozi, ndipo amene anapindula koposa onse ndi iye. Kunena zimenezi sikucotsa kukoma kwa nyimbo ndi imodzi yomwe.

Koma amene ananditsogolera bwino ndi agogo, amene sanalowe mkanganowo. Iwo anangofunsa kuti woimba gitalayo ndi mwana wa yani. Dziko likumbukira Graceland monga kubwereranso kwa munthu mmodzi, pamene nchitoyo inagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo ena mwa eni manjawo anapita kumanda ali ndi cidandaulo.

Nkhaniyi itikhudza ifenso. Masiku ano alendo afika m'midzi mwathu ndi makina ojambulira, ena ndi foni cabe, natenga nyimbo za cimtali, za pa mtondo ndi za m'makwaya. Ambiri abwera ndi mtima wabwino, ndipo sitiyenera kuwapitikitsa. Koma asanayambe, apite kwa amfumu, anene kumene nyimbozo zipita, ndipo alembe dzina la woimba ali yense ndi la amene anapeka. Ngati padzakhala ndalama, cipangano cikhale papepala.

Kaseti ya atate ndinabwera nayo. Siingalirenso, koma pepala lace la maina likali kuwerengeka, ndipo ndaliika m'buku kuti ana anga adzaliwerenge.